Thandizo la Anthu Aulumali ndi Ovutika Kuyenda pa Bwalo la Ndege la OR Tambo: Amalipira Ndani, Nanga Mungalipeze Bwanji?

Mfundo zikuluzikulu

- Ngati muli ndi ulumali, ndinu wokalamba, mukudwala kapena mwangochitidwa kumene opaleshoni, mutha kupempha thandizo lokuyendetsani pabwalo la ndege, lokukwezani m'ndege ndi lokutsitsani.
- Thandizoli mumalipempha ku kampani ya ndege imene mwagulako tikiti, ndipo muyenera kutero kusanatsale maola 48 kuti ndege inyamuke.
- Kukuyendetsani pa njinga ya olumala, kukuperekezani ngati simuona ndi kukukwezani m'ndege si zinthu zoti mulipire mwapadera. Ndalama zake zili kale mu mtengo wa matikiti a anthu onse.
- Machira, mpweya wa okisijeni wa m'ndege ndi tikiti ya wokuperekezani nthawi zambiri mumalipira nokha.
- Njinga yanu ikawonongeka pa ulendo, kanenani musanatuluke m'chipinda cholandirira katundu.

Bwalo la OR Tambo ndi ulendo wanu

Bwalo la ndege la OR Tambo lili ku Kempton Park, mu mzinda wa Ekurhuleni, kum'mawa kwa Johannesburg. Linatsegulidwa mu 1952 likutchedwa Jan Smuts, mu 1994 linasinthidwa dzina kukhala Johannesburg International, ndipo mu Okutobala 2006 linapatsidwa dzina la Oliver Tambo. Ndilo bwalo lalikulu kuposa onse m'dziko la South Africa, ndipo mliri wa Covid-19 usanafike, pabwaloli pankadutsa anthu oposa 21 miliyoni pachaka. Ngati mukuchokera ku Lilongwe, Blantyre, Lusaka kapena Tete, kaya mukudzalandira chithandizo cha kuchipatala, kudzaona ana kapena kudzasintha ndege popita kutali, kawirikawiri mudzatsikira pano. Ndege zambiri zopita kunja kwa dziko zimagwiritsa ntchito mbali yotchedwa Terminal A, pamene zoyenda m'dziko momwemo zimagwiritsa ntchito Terminal B.

Pali zinthu ziwiri zimene zimadzidzimutsa munthu wofika koyamba. Choyamba ndi kutalika kwa mtunda. Kuchokera pakhomo la ndege, kudutsa kwa oona mapasipoti, kukatenga katundu mpaka kukafika panja, ndi ulendo umene ungatopetse ngakhale munthu amene kumudzi amayenda yekha bwinobwino ndi ndodo. Chachiwiri ndi kukwera kwa malowo. Bwaloli lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, choncho mpweya wake ndi wopepukirapo. Munthu wa nthenda ya mtima, ya mapapo kapena wochepa magazi, makamaka wochokera kumalo otsika monga kunyanja, kuchigwa cha Shire kapena ku Tete, akhoza kuyamba phuma atangoyenda pang'ono. Pachifukwa chimenechi musayese thandizoli potengera mmene mumayendera pakhomo panu. Liyeseni poganizira mtunda wautali, mizere yodikirira mutaimirira, ndi thupi lotopa ndi ulendo.

Ndani ali woyenera kuthandizidwa?

Makampani a ndege amaona ngati munthu angathe kudziyendera bwino pabwalo ndi m'ndege, posatengera kuti vutolo ndi lobadwa nalo, lokhalitsa kapena la kanthawi. Choncho thandizoli ndi lanu ngati:

- mumayendera njinga ya olumala, ndodo kapena mwendo woikirira;
- munafa ziwalo chifukwa cha sitiroko, poliyo kapena ngozi;
- simuona kapena mumaona movutikira;
- simumva kapena mumavutika kulankhula;
- muli ndi vuto la ubongo, la kuiwalaiwala kapena lina limene lingakusocheretseni pagulu la anthu;
- ndinu wokalamba ndipo simungathe kuyenda mtunda wautali kapena kukwera masitepe;
- mwathyoka, mwachitidwa opaleshoni posachedwa, kapena matenda akufooketsani.

Anthu otere si ochepa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse ali ndi ulumali waukulu, ndipo kalembera wa ku Malawi wa 2018 anapeza kuti anthu oposa 10 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina. Kupempha thandizo si kuvutitsa anthu ayi, ndi ntchito imene bwalo lililonse limaiyembekezera tsiku ndi tsiku.

Amene amagwira ntchitoyi, ndi kumene ndalama zimachokera

Kuti mudziwe woti mumufunse kapena kumudandaulira, ndi bwino kumvetsa kuti pabwaloli pali magulu atatu osiyana.

Loyamba ndi kampani ya Airports Company South Africa, imene anthu amangoti ACSA. Inakhazikitsidwa mu 1993, mbali yaikulu ndi ya boma, ndipo imayendetsa mabwalo 9 a m'dzikoli. Udindo wake ndi wa nyumba ndi zomangamanga: zikepe, njira zotsetsereka zodutsa njinga, zimbudzi za anthu aulumali, malo awo oimikapo galimoto, zikwangwani, ndi milatho yolowera m'ndege. ACSA imapeza ndalama m'njira ziwiri. Njira ina ndi malipiro a ndege: ndalama yoterera, ndalama yoimikira ndege, ndi ndalama imene wokwera aliyense wonyamuka pabwaloli amalipira. Malipirowa ACSA sidziikira yokha, amaunikidwa ndi komiti yapadera yokhazikitsidwa ndi lamulo. Ndalama ya wokwera imasiyana malinga ndi kumene akupita: yotsika ndi ya ulendo wa m'dziko momwemo, yapakati ndi ya ku Botswana, Lesotho, Namibia ndi Eswatini, ndipo yokwera ndi ya mayiko ena onse, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique. Njira inayo ndi lendi ya masitolo, malo oimikapo galimoto ndi otsatsa malonda.

Lachiwiri ndi kampani ya ndege, monga Malawi Airlines, Airlink, South African Airways kapena Proflight Zambia. Pangano lanu la ulendo lili ndi kampani imeneyi, ndipo ndiyo imalandira pempho lanu la thandizo.

Lachitatu ndi makampani ogwira ntchito za pansi, monga Swissport ndi Menzies Aviation, amene amalembedwa ntchito ndi makampani a ndege. Munthu wokankha njinga yanu, wokunyamulani kukuikani pampando wa m'ndege, ndi woyendetsa galimoto yokweza anthu mpaka pakhomo la ndege, nthawi zambiri ndi wantchito wa makampani amenewa. Galimotoyo ku South Africa amaitchula mwachidule kuti PAU. Ili ngati kachipinda kokwera ndi kutsika, ndipo imagwiritsidwa ntchito ndege ikaima patali ndi nyumba, pamene okwera ena amapita pa basi n'kukwera masitepe. Ku Malawi ntchito yofanana ndi imeneyi imagwiridwa ndi kampani ya LIHACO.

Tsono ndalama zimayenda chonchi: inu ndi okwera ena onse mumagula matikiti, kampani ya ndege imapereka gawo lina ku ACSA, ndipo gawo lina imalipira kampani ya ntchito za pansi. Ndiye kuti thandizo la munthu mmodzi wofuna njinga lagawanidwa pakati pa onse amene akwera. Mukamva kuti thandizoli ndi laulere, tanthauzo lake ndi lakuti simulipira chowonjezera chifukwa cha ulumali wanu. Sizitanthauza kuti akukuchitirani chifundo, pakuti nanunso munasonkha nawo pogula tikiti.

Mmene mayiko ena anakonzera nkhaniyi

Funso lakuti alipire ndani linavuta kale kwina. Ku Britain, bambo wina waulumali dzina lake Bob Ross analipiritsidwa mapaundi 18 kuti agwiritse ntchito njinga pa bwalo la Stansted pokakwera ndege ya Ryanair. Nkhaniyi inapita kukhoti, ndipo mu 2004 makhoti anagamula kuti kumulipiritsako kunali tsankho, ndipo bwalo la apilo linati mlanduwo ndi wa kampani ya ndege pamodzi ndi eni bwalo.

Patapita zaka ziwiri, mayiko a mu mgwirizano wa European Union anakhazikitsa lamulo nambala 1107 la 2006, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu Julayi 2008. Lamuloli linaika udindo wonse wa thandizo la pansi m'manja mwa eni bwalo. Eni bwalo amatolera ndalama yapadera ku makampani onse a ndege, aliyense molingana ndi chiwerengero cha anthu onse amene amanyamula, osati chiwerengero cha aulumali okha, ndipo ndalamayo imawerengedwa payokha kuti isasakanizike ndi zina. Ubwino wake ndi wakuti kampani siipindula kanthu pokana munthu waulumali, popeza yalipira kale. Lamuloli limalamulanso kampani kunyamula zipangizo ziwiri zoyendera popanda malipiro. Dziko la Britain linasungabe malamulo amenewa litatuluka mu mgwirizanowo.

Ku America anatsata njira ina. Lamulo lawo la 1986 lotchedwa Air Carrier Access Act limaika udindo pa kampani ya ndege ndi kuiletsa kulipiritsa thandizo lotere, ndipo kuyambira mu 2009 limakhudzanso makampani akunja pa maulendo olowa ndi otuluka m'dzikolo.

Izi zimakukhudzani ngati ulendo wanu upitirira. Mukanyamuka pa OR Tambo ndi kampani ya ku Ulaya monga KLM, Lufthansa kapena Air France kupita ku Ulaya, kampaniyo imamangidwa ndi lamulo la kwawo, ndipo bwalo limene mukatsikire lili ndi udindo wokuthandizani. Mukakwera ndege yopita ku Atlanta kapena Newark, lamulo la ku America limakutetezani kuyambira ku Johannesburg.

Malamulo okutetezani ku South Africa

Gawo 9 la malamulo aakulu a dziko la South Africa, a 1996, limaletsa tsankho lotengera ulumali, ndipo limateteza munthu aliyense amene ali m'dzikolo, mbadwa ndi mlendo yemwe. Lamulo nambala 4 la 2000, lolimbikitsa kusasiyanitsa anthu ndi kuletsa tsankho, limanena kuti kulephera kuchotsa zopinga kapena kukonza zinthu moyenera kuti anthu aulumali athe kuzigwiritsa ntchito, ndi tsankho. Lamulo lomweli ndilo linakhazikitsa makhoti oweruza milandu ya tsankho. South Africa inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2007, ndipo Malawi inalivomereza mu 2009. Za chitetezo cha m'ndege zimayang'aniridwa ndi bungwe la South African Civil Aviation Authority.

Malamulo a chitetezo amalola kampani kuchita zinthu zina zimene si tsankho. Singakukhazikeni pampando wa pakhomo lotulukira pangozi. Ikhoza kufuna kuti muyende ndi wokuperekezani ngati simungathe kudzimanga lamba, kuvala chopumira mpweya, kumva malangizo a pangozi kapena kudzithandiza potuluka m'ndege. Ikhozanso kuika malire a chiwerengero cha anthu ofuna kunyamulidwa pa ndege imodzi, makamaka yaing'ono. Ichi ndi chifukwa china chonenera msanga.

Zimene simulipira ndi zimene mumalipira

Kawirikawiri simulipira chowonjezera pa izi:

- njinga ya pabwalo ndi munthu woikankha, kuyambira polembetsera mpaka pakhomo la ndege, ndiponso potsika;
- kukuperekezani kwa oona mapasipoti, kwa achitetezo ndi kokatenga katundu;
- galimoto yokweza anthu, ndi kampando kopapatiza kodutsa pakati pa mipando ya m'ndege;
- kunyamula njinga yanu kapena ndodo zanu, kuwonjezera pa katundu amene tikiti yanu ikulola;
- kukufotokozerani malangizo a pangozi panokha ngati simuona kapena simumva.

Konzekerani kulipira pa izi:

- tikiti ya wokuperekezani, kaya ndi wachibale kapena namwino;
- machira, chifukwa amatenga malo a mipando ingapo ndipo mtengo wake umaposa tikiti wamba kangapo; si ndege zonse zimene zimalandira machira;
- mpweya wa okisijeni woperekedwa ndi kampani, kumene ulipo;
- mpando wowonjezera, ngati mwendo uli m'chikhakha ndipo sungapindike;
- dokotala wolemba fomu ya zaumoyo;
- ambulansi kapena galimoto yokutengani kuchokera pabwalo kupita kuchipatala;
- onyamula katundu a pabwalo, amene ndi gulu losiyana ndi othandiza aulumali ndipo amayembekezera kulipidwa ndi mwini katundu.

Ngati mukutumizidwa kuchipatala cha kunja ndi boma, ndi kuntchito kwanu kapena ndi bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo, funsani tikiti isanagulidwe ngati ndalama zimene avomereza zikuphatikizapo woperekeza, machira, mpweya ndi ambulansi, popita ndi pobwerera pomwe. Pemphani yankho lolembedwa. Mabanja ambiri amakonzekera ulendo wopita okha, chonsecho wodwala pobwerera, atachitidwa opaleshoni, ndi pamene amafuna thandizo lochuluka.

Wokankha njinga simukakamizidwa kumupatsa ndalama. Mukafuna kumuthokoza ndi kangachepe, zili kwa inu. Wina akanena kuti sakuthandizani mpaka mutalipira, funsani lisiti, onani dzina pa chiphaso chimene wavala, ndipo kanenani kwa ogwira ntchito a kampani yanu ya ndege kapena pamalo ofunsira.

Mmene mungapemphere thandizo

Nenani pa nthawi yogula tikiti, kaya pa intaneti, pafoni kapena kwa wogulitsa matikiti. Mukaiwala, imbani foni kusanatsale maola 48. Ngati mukufuna machira, mpweya kapena muli ndi njinga ya batire, nenani kudakali masiku angapo. Makampani a ndege padziko lonse amagwiritsa ntchito zilembo zofanana, zokhazikitsidwa ndi bungwe lawo la IATA, ndipo ndi bwino kudziwa zimene zikukuyenerani:

- WCHR: mutha kukwera masitepe ndi kuyenda m'ndege, koma simungathe mtunda wautali.
- WCHS: simungathe kukwera masitepe, koma mutha kuyenda pang'onopang'ono kukafika pampando.
- WCHC: simungathe kuyenda konse, ndipo mufunika kunyamulidwa mpaka pampando.
- BLND: simuona.
- DEAF: simumva.
- DPNA: muli ndi vuto la ubongo kapena la kakulidwe ndipo mufunika wokuyang'anirani pabwalo.
- MEDA: mukudwala ndipo pafunika chilolezo cha dokotala.
- STCR: muyenda mutagona pa machira.

Kusiyana kwa WCHR ndi WCHS n'kofunika kwambiri. Munthu akalembedwa WCHR pamene sangathe masitepe, galimoto yokweza siitanidwa, ndipo amakapezeka ali pansi pa ndege opanda njira yokwerera. Pa mabwalo a Kamuzu ndi Chileka okwera amakwera ndi kutsika pa masitepe, ndipo ndege zing'onozing'ono pa OR Tambo nazo zimaima patali kawirikawiri. Musachepetse vuto lanu chifukwa cha manyazi. Fotokozani mwatchutchu zimene mungathe ndi zimene simungathe.

Mukatha kupempha, onetsetsani kuti zilembozo zalembedwa pa chikalata cha ulendo wanu, pa ndege iliyonse imene mudzakwere, popita ndi pobwerera. Ngati munagula matikiti awiri osiyana ku makampani awiri, pemphani kwa aliyense payekha, chifukwa sadziwitsana. Kukatsala tsiku limodzi, imbaninso foni kutsimikiza. Safunsa anadya phula.

Kodi mufunika kalata ya dokotala?

Ulumali wokhazikika, monga kufa miyendo kwa zaka zambiri, kusaona kapena kusamva, si matenda, ndipo pawokha sufuna kalata ya dokotala. Kalata imafunika pamene ulendo wa pandege ungawonjezere vuto lanu kapena kuika ena pachiswe. Mpweya wa m'ndege umafanana ndi wa paphiri lotalika mamita mpaka 2,400, choncho okisijeni amalowa m'magazi mocheperapo, ndipo mpweya uliwonse wotsekeredwa m'thupi umafufuma. Kaonaneni ndi dokotala musanagule tikiti ngati:

- mwadwala mtima kapena sitiroko posachedwa;
- mwachitidwa opaleshoni posachedwa, makamaka ya pamimba, pachifuwa, m'mutu kapena m'diso;
- mumabanika ngakhale mutangokhala, kapena mumagwiritsa ntchito okisijeni kunyumba;
- muli ndi magazi ochepa kwambiri kapena nthenda ya sikoselo;
- mwaikidwa chikhakha m'maola 24 mpaka 48 apitawa, chifukwa chiwalo chimatupa;
- muli ndi nthenda yopatsirana, monga chifuwa chachikulu chimene mankhwala ake sanayambe kugwira;
- ndinu woyembekezera ndipo mwapitirira masabata 28. Makampani ambiri salola kuyenda masabata 36 atakwana, kapena 32 ngati ndi mapasa.

Kampani idzakupatsani fomu yotchedwa MEDIF, imene dokotala wanu amadzaza ndi kuitumiza kwa madokotala a kampaniyo. Chilolezo chake chimakhala cha ulendo umenewo ndi masiku amenewo okha. Zinthu zikasintha muli ku South Africa, monga mutachitidwa opaleshoni, pafunika fomu yatsopano yobwererera.

Dziwaninso malire a ntchito ya ogwira ntchito m'ndege. Akhoza kukuthandizani kuika katundu, kutsegula chakudya ndi kukufikitsani pakhomo la chimbudzi ngati m'ndegemo muli kampando koyendera. Sangakudyetseni, kukumwetsani mankhwala, kukubayani jakisoni, kukunyamulani kapena kukuthandizani m'chimbudzi. Ngati mumafuna thandizo lotere, yendani ndi munthu wamphamvu zake amene amadziwa kukusamalirani.

Njinga yanu ndi batire yake

Njinga yanu imaikidwa kumalo a katundu, pansi pa ndege. Uzani kampani kutalika, kufupika, kutambalala ndi kulemera kwake, ndiponso ngati imapindika, chifukwa khomo la katundu la ndege zing'onozing'ono ndi lochepa. Pemphani kukhalabe pa njinga yanu mpaka pakhomo la ndege, ndi kuti akakubwezereni pakhomo pomwepo potsika ngati n'kotheka. Chotsani khushoni, zopondera ndi china chilichonse chosavuta kuguluka, mulowe nazo m'ndege. Khushoniyo khaliranipo, makamaka ngati mumachita zilonda za pogona. Ijambuleni njingayo pafoni mbali zonse musanaipereke, ndipo mangiriranipo pepala la dzina lanu ndi malangizo a kapindidwe kake.

Njinga ya batire imafuna chilolezo cha kampani. Ngati batire yake ndi ya mtundu wa lithium ndipo iyenera kuchotsedwa, malamulo a IATA amati isapitirire 300 Wh, ndipo muinyamule m'manja yotetezedwa bwino, osati m'katundu wopita pansi. Mutha kutenganso yapadera imodzi yosapitirira 300 Wh, kapena ziwiri zosapitirira 160 Wh iliyonse. Ngati nambalayi sinalembedwe pa batire, chulukitsani nambala ya V ndi ya Ah. Mwachitsanzo, batire ya 24 V ndi 12 Ah ndi 288 Wh, choncho ndi yololedwa. Batire za madzi otha kutayika zili ndi malamulo okhwima kwambiri, ndipo makampani ena sazilandira.

Tsiku la ulendo

Fikani pabwalo kudakali maola atatu ngati mukutuluka m'dziko. Pitani polembetsera pa kampani yanu ndipo nenani kuti munapempha thandizo. Ngati simungathe kuyenda kuchokera pamene galimoto yakusiyani kapena pa siteshoni ya Gautrain, wokuperekezani atsogole kukaitana njinga.

Mankhwala anu onse akhale m'chikwama cha m'manja, m'mapaketi ake, pamodzi ndi kalata ya dokotala, makamaka ngati muli ndi majakisoni a shuga kapena mankhwala amphamvu opha ululu. Tengani okwanira masiku angapo owonjezera. Kwa achitetezo, nenani ngati muli ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda, chitsulo m'thupi kapena thumba la mkodzo. Ngati simungathe kuimirira, adzakusechani mutakhala, ndipo mutha kupempha kuti akusecheni munthu wamkazi kapena wamwamuna mnzanu, pamalo oduka mphepo.

Ofuna thandizo amakwera moyambirira ndi kutsika pomaliza. Pitani kuchimbudzi musanakwere. Ndege ikatera, khalanibe pampando mpaka othandiza afike, ndipo ngati mukusintha ndege, sankhani ulendo wosiya mpata wa maola okwanira pakati. Ngati simumva, uzani ogwira ntchito pakhomo lokwerera kuti akudziwitseni pamaso kapena polemba zinthu zikasintha. Ngati Chingerezi chimakuvutani, yendani ndi pepala lolembedwa m'Chingerezi lofotokoza dzina lanu, vuto lanu, mankhwala anu ndi nambala ya foni ya wodzakuchingamirani. Pa ulendo woposa maola anayi, imwani madzi pafupipafupi ndi kugwedeza mapazi ngati mungathe, popewa kuundana kwa magazi m'miyendo.

Zinthu zikalakwika

Njinga ikawonongeka kapena kusowa, pitani pamalo odandaulira za katundu musanatuluke, ndipo akulembereni chikalata chotchedwa PIR. Pemphani njinga yobwereka. Kenaka lembani kalata ku kampani ya ndege pasanathe masiku 7 ngati yawonongeka, kapena masiku 21 kuchokera pamene mwailandira ngati inachedwa. Sungani tikiti, kapepala ka katundu, zithunzi ndi malisiti.

Chipukuta misozi chili ndi malire. Pa maulendo oyendera pangano la ku Montreal la 1999, limene South Africa inalowa, malire a katundu wa munthu mmodzi kuyambira mu Disembala 2024 ndi 1,519 SDR, ndalama yowerengetsera ya bungwe la IMF, imene ndi pafupifupi madola 2,000 a ku America. Maulendo ena amayendera pangano lakale la ku Warsaw la 1929, limene limawerengera pa kilogalamu ndipo limapereka zochepa kwambiri. Njinga ya batire ikhoza kudula kuposa pamenepa. Ngati yanu ndi yodula, funsani kampani za kulembetsa mtengo wake weniweni musananyamuke, kapena iguliireni inshuwalansi.

Ngati mwakanizidwa kukwera, mwalipiritsidwa thandizo losayenera kulipira, mwasiyidwa nthawi yaitali popanda wokuthandizani kapena mwanyozedwa, lembani tsiku, nthawi, nambala ya ndege ndi mayina a mboni. Pemphani kuti chifukwa chokukanirani chilembedwe. Yambani ndi kampani ya ndege, ngakhale wolakwa ali wa kampani ya ntchito za pansi, popeza ndiyo inamulemba ntchito. Ngati vuto ndi la nyumba, monga chikepe chakufa kapena chimbudzi chokhoma, dandaulani ku ACSA. Mukapanda kukhutira, pitani ku South African Human Rights Commission kapena ku khoti la milandu ya tsankho, limene limapezeka ku makhoti a majisitireti, kumene simulipira potsegula mlandu ndipo simukakamizidwa kukhala ndi loya. Nkhani za malipiro mutha kuzitengera ku National Consumer Commission. Mabungwe a anthu aulumali, monga QuadPara Association of South Africa, kapena FEDOMA ku Malawi, akhoza kukulangizani poyambira.

Uthengawu ndi wongokuthandizani kukonzekera. Malamulo a kampani iliyonse amasiyana pang'ono ndipo amasintha, choncho tsimikizani ndi kampani yanu ya ndege, ndipo za thanzi lanu kambiranani ndi dokotala kapena namwino amene amakudziwani musanagule tikiti.